Woponya mpira wachikulire akayamba kufooka, angagulidwe pa mtengo wanji?

Mwalemba kuti mukukangana ndi anzanu za woponya mpira wa timu yanu ya baseball ya mu MLB (ligi yaikulu ya masewerawa ku America), wa zaka 35, amene ERA yake (muyeso wa zigoli zimene amalola) yapitirira 5.00. Ena akuti agulitsidwe msika usanatsekedwe kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ena akuti palibe angamufune.

ERA musaidalire kwambiri. Imangowerenga ma run (zigoli) amene woponya walola pa ma inning (zigawo za masewero) 9 alionse, kupatula obwera chifukwa cha zolakwitsa za anzake, ndipo mkati mwake mumalowa zinthu zomwe si zake, monga anzake ochedwa kufika pa mpira kapena bwalo lokomera omenya. Matimu ogula amafufuza mkono. Amaona ngati liwiro la fastball (mpira woponyedwa mwaliwiro kwambiri) latsika poyerekeza ndi chaka chatha, ngati ma strikeout (kutulutsa womenya ndi ma strike atatu) achepa ndi ma walk (kupatsa womenya base yoyamba chifukwa choponya mophonya kanayi) kuchuluka. Amaonanso BABIP (gawo la mipira yomenyedwa m'bwalo imene womenya amafika nayo pa base), yomwe mu ligi imakhala pafupi ndi .300. Ikafika .350 koma liwiro ndi ma strikeout zili pomwepo, nthawi zambiri ndi tsoka chabe, ndipo munthu woteroyo amagulidwa.

Cole Hamels anali wotero mu 2018. Ali ndi zaka 34, ERA yake ku Texas Rangers inali 4.72, akuponya pabwalo la ku Arlington kumene mpira unkauluka kwambiri kukatentha. Chicago Cubs inamutenga osapereka posinthanitsa wosewera wachinyamata aliyense wapamwamba, ndipo kumeneko ERA yake inatsikira pa 2.36. Koma mkono ukatha watha. Madison Bumgarner, ngwazi ya World Series (ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa MLB) ya 2014, anachotsedwa ndi Arizona Diamondbacks mu Epulo 2023 ERA ili pamwamba pa 10.00, timuyo n'kutsala ndi ngongole yoposa madola 30 miliyoni.

Apa pakubwera nkhani imene okangana ambiri amaidumpha: kontirakiti. Malipiro a mu MLB ndi otsimikizika, wosewera aponye bwino kapena ayi. Choncho chimene wogula angapereke chimadalira ndalama zimene wogulitsa wavomera kusenza. New York Mets potumiza Max Scherzer ku Texas mu 2023 inalipira pafupifupi madola 35 miliyoni a malipiro ake, ndipo n'chifukwa chake inapeza wosewera wachinyamata wapamwamba, Luisangel Acuña. Mwini timu wouma manja asayembekezere zotere.

Fufuzaninso ngati woponyayo wakwanitsa zaka 10 mu ligi, 5 zomalizazo ali pa timu imodzimodzi. Ngati ndi choncho, ali ndi ufulu wokana kusamutsidwa, ndipo ogula angatsale awiri kapena atatu okha amene iye wawalola.

Kwa wanuyo, ngati liwiro lilipo ndipo kontirakiti ikutha chaka chino, yembekezerani mnyamata mmodzi kapena awiri apakatikati ochokera ku ma minor league (maligi aang'ono ophunziriramo). Ngati liwiro latsika ndipo patsala zaka ziwiri za malipiro, ndi bwino kumuyesa ku bullpen (gulu la oponya olowa m'malo masewero ali mkati) kaye, chifukwa kuponya inning imodzi yokha nthawi zambiri kumabwezerako liwiro pang'ono.