Kodi Thandizo la Boma kwa Osauka Limabala Ulesi?

Bambo wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati ndalama zimene maboma amapereka kwa mabanja ovutika sizikungolimbikitsa ulesi ndi kubweza chuma cha dziko m'mbuyo. Bambo, funso lanu landilasa mtima, chifukwa ine ndinakulira m'banja lotero.

Atate athu atamwalira, mayi anatsala ndi ana anayi, ndipo kandalama kamene ankalandira kuchokera ku boma ndi komwe kanandisunga pasukulu. Ndimakumbukira tsiku lina titaima pamzere kuyambira m'mamawa, mayi atagwira chikalata chawo chong'ambika m'mapindiro, kalaliki atanena mokweza kuti anthu ngati iwo amangodikira zaulere. Mayi sanayankhe kanthu. Madzulo ake anaika ndalamayo pathebulo n'kuigawa patatu: ina ya makope, ina ya mankhwala a mng'ono wanga, yotsalayo ya mpamba wa kabizinesi kawo. Munthu waulesi sawerengetsera chonchi.

Mwina munganene kuti banja limodzi si umboni. N'zoona, koma mu 2017 katswiri wa zachuma Abhijit Banerjee ndi anzake atasanthula mapologalamu 7 opereka ndalama m'mayiko osauka, sanapeze umboni woti olandirawo amasiya kugwira ntchito. Ku Brazil, pologalamu ya Bolsa Família, yomwe inayamba mu 2003, inkapereka ndalama makamaka kwa amayi, bola ana apite kusukulu ndi kulandira katemera, ndipo inkadya pafupifupi theka la 1 peresenti ya chuma chonse cha dzikolo. Kusiyana pakati pa olemera ndi osauka kunachepa m'zaka zotsatira, ngakhale kuti gawo lalikulu linabwera chifukwa cha kukwera kwa malipiro, osati pologalamuyo payokha. Ndipo tisamaganize kuti zonsezi zinayamba chifukwa cha chifundo. Otto von Bismarck, yemwe ankatsogolera boma la Germany, anakhazikitsa penshoni ya okalamba m'dzikolo mu 1889 pofuna kuti antchito asatengeke ndi adani ake pandale.

Chimene ndikukana kwathunthu ndi maganizo akuti dziko liyambe lalemera kaye, osauka adzathandizidwe pambuyo. Mwana amene wapinimbira asanakwanitse zaka ziwiri sangadikire, ndipo mtsikana amene wasiya sukulu lero sadzakhala namwino kapena wokhoma msonkho mawa. Ngakhale akatswiri a IMF, bungwe la padziko lonse loona za chuma, analemba mu 2014 kuti chuma chimakula kwa nthawi yaitali m'mayiko mmene kusiyana pakati pa olemera ndi osauka n'kochepa.

Pamene ndikugwirizana nanu

Thandizo lina limawonongadi. Boma likatsitsa mtengo wa mafuta ponena kuti likuthandiza aliyense, amene amapindula kwambiri ndi eni magalimoto. Likamalipira thandizo ndi ngongole zosatha kapena posindikiza ndalama, mitengo ya zinthu imakwera, ndipo woyamba kulira ndi wosauka yemweyo, chifukwa kandalama kake kamatha mphamvu kasanafike m'manja. Likamachedwetsa malipiro, wolandirayo amayamba wakongola kwa akatapila, monga mmene mayi anachitira kangapo.

Choncho, bambo, mukamva za pologalamu yatsopano, funsani ngati ikufikiradi ana ndi okalamba, ngati ndalamazo zimabwera pa nthawi yake, ndiponso ngati zikuchokera ku misonkho imene boma lingathe kutolera chaka ndi chaka.