Kwa achemwali ofuna kuthandiza gulu la zisudzo koma pa siteji ayi

Achemwali, funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndimati ndikhale kaye pansi. Mwati kwanuko kuli kagulu ka zisudzo kamene kamakumana pa holo ya tchalitchi, mukufuna muzikathandiza koma ndinu amanyazi pa siteji simungaime, ndiye mukufunsa ngati angakulandireni komanso ngati pamakhala kangachepe. Ineyo ndakhala m'kagulu kotere kuno ku Ndirande zaka zingapo ndithu, pa siteji ndinakwerapo kamodzi kokha ndipo ndinali mtembo kkkk, ndiye ndikuyankhani ngati munthu wa kuseri kwa katani.

Pitani basi. Ofuna kuonekera alipo ambirimbiri, aliyense amafuna akhale Izeki kapena Jakobo anthu azimuloza mu minibasi, koma woti afike 12 koloko adzasese holo, ayale mabenchi, amangirire katani ndi waya kuti isagwe sewero lili mkati, ameneyo timachita kumusaka ndi tochi. Mukangonena kuti ine za siteji sindikufuna, muona mmene adayirekita asekerere.

Koma musakanene kuti ndizipanga chilichonse, mudzatopa mwezi usanathe. Sankhani chimodzi. Ngati muli ndi mtima wolimba tengani pageti, ndipo ndikuuzeni ntchito yovuta kuposa zonse ndi imeneyi. Tsiku la sewero aliyense amasanduka m'bale wa munthu wina, uyu ati ndine mlamu wake wa amene akupanga za mfumu uja, uyu ati ndangobwera kudzapereka kiyi ndituluka pompano, wina wabwera ndi ana 5 akufuna alipire mmodzi, ndiye holo imadzadza mpaka m'mawindo koma mukawerenga ndalama mumadabwa kuti anthu onsewa analowera padenga kapena. Ife tinaphunzira titalira. Pageti pazikhala anthu awiri, wina wolandira ndalama wina wodula tikiti, ndipo muziwerengera limodzi ndi msungichuma sewero lisanathe, mulembe m'kope aliyense asayine. Wolipira pa Airtel Money kapena Mpamba, dikirani meseji ifike pa foni yanu, za sikirinishoti musamve. Kuona kwanga timagulu tambiri sitimatha chifukwa chosowa luso, timatha chifukwa cha ndalama za pageti.

Ngati pageti mukuopa kudana ndi anthu, tengani zovala ndi katundu. Apa mpamene mudzadziwe kuti gulu limayendera anthu oti pa posta sadzalembedwapo. Amayi a pa mpanda otibwereka zitenje ndi mipango, atelala otisokera yunifolomu ya apolisi pa ngongole, mnyamata wa masipika amene amatichotserako mtengo, ahedi otipatsa kalasi yopangiramo pulakatisi, agogo ena amene anatibwereka mtondo ndi lichero ife nkubweza mtondo utang'aluka, mpaka lero ndikawaona ndimakhota njira. Anthu amenewa safuna zambiri. Chitenje chibwerere chochapa ndi chosita, tsiku lomwe munalonjeza, komanso muwatchule pa mayiki sewero lisanayambe, muwasungire benchi yakutsogolo. Mukalakwitsa pamenepo ulendo wina simupeza ndi supuni yomwe.

Ndipo amene amasunga makiyi a holo, muwalemekeze ngati apongozi. Malo ochitira zisudzo ndi osowa kuno. Akuluakulu a ku Blantyre akukumbukira mmene ku French Cultural Centre kunkadzadzira Lamulungu masana, gulu la zisudzo la Kwathu likabwera kapena Wakhumbata ya Du Chisiza Jr, imene anayiyambitsa mu 1987. Iye atamwalira mu 1999 Gertrude Kamkwatira anapitiriza, kenako nkuyambitsa gulu lake la Wanna-Do. Malo aja a French atachoka cha mu 2011 anawonongeka, pano timati Blantyre Cultural Centre koma amene anaona kale amangopukusa mutu. Ndiye ngati magulu akuluakulu amavutika malo, inu amene muli ndi holo ya tchalitchi muigwire ndi manja awiri, mukamaliza sesani, mabenchi abwerere mmene munawapezera kuti Lamulungu m'mawa abusa asapeze makoko a nzimbe paguwa. Du yemweyo anatulukira ku mipikisano ya zisudzo za m'masukulu ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ali pa sekondale ya HHI, ndipo mipikisano imeneyo mpaka ifike pamene inafika ndi aphunzitsi otsala ndi ana madzulo anzawo ataweruka.

Za kangachepe, ndisakunamizeni. Mukachotsa ya holo, ya masipika, mafuta a jenereta poti magetsi amakonda kuthima pamene mfiti yangolowa pa siteji, ndi thiransipoti ya anthu ochokera kutali, chotsala nthawi zambiri ndi cha Fanta ndi banzi. Masiku ena mumachita kusonkha kuchokera m'thumba mwanu. Ndalama zooneka zimabwera bungwe likakuitanani kukapanga sewero la kolera, la katemera kapena la chisankho m'midzi, ndipo tsiku limenelo mudzaona nkhope zoti simunazionepo pa pulakatisi, aliyense ati ndine membala wakalekale. Nchifukwa chake funsani poyambirira penipeni kuti zikabwera zotere mumagawana bwanji, a kuseri kwa katani amawerengedwa kapena ayi. Akamayankha mozungulira mwadziwiratu.

China ndinene poti ndinu mtsikana, musandimve molakwa. Pulakatisi ndi ya pagulu ndipo izitha kusanade. Wina akadzati bwera kunyumba tikaonere limodzi sikiripiti awiriwiri, mukaneni pomwepo ndipo muuzeko amayi ena a m'gulumo, magulu abwino alipo ambiri simungasowe kolowera.

Loweruka likubwerali ingopitani, musadikire kuitanidwa. Nyamulani kope, cholembera ndi mapini ambiri, diresi la mkwatibwi limang'ambika nthawi zonse kutatsala mphindi 5. Nsapato valani zafulati. Mukakumana ndi zina mudzalembe pompano, tilipo angapo m'gulu muno amene tinakalambira pageti.