Makapukeke pa mbaula amatheka

Achemwali, mwafunsa ngati mungaphike makapukeke popanda uvuni, poti kwanu ku Ndirande magetsi akumazimazima. Zimatheka ndithu. Tengani poto wamkulu wokhuthala, thiranimo mchenga wouma, utenthe kaye pa mbaula mphindi 15. Kenako khazikani zitini pamchengapo n'kuvindikira. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivindikiro, pansi ochepa chabe, apo ayi makapukekewo apserera kunsi pamwamba pasanapse. Musamavundukule pafupipafupi, amaphwa pakati. Pakatha mphindi 20 tengani kamtengo koyera mubaye limodzi mwa makapukekewo. Kakatuluka kouma ndiye kuti apsa.

Ine ndimakonda ufa wa self-raising (wothira kale zotupitsa), suvuta kupeza m'mashopu a ku Limbe. Anawo apatseni ntchito yopaka majarini m'zitini, koma kumbaulako asayandikire.