Funsani Anamwino: Anandichotsa chubu, kodi ndidzaberekanso?

FUNSO

Anamwino, ndili ndi zaka 27, ndili pabanja ndipo ndili ndi mwana mmodzi. M'mwezi wa Malichi sindinasambe. Patapita masabata atatu ndinayamba kumva kuwawa pachinena mbali yakumanja, n'kumataya timagazi takuda. Ndinkayesa kuti ndi kumwezi kwabwera mochedwa. Tsiku lina ndinakomoka kumjigo. Kuchipatala anandithamangitsira ku fiyeta, anandichotsa chubu chimodzi n'kundiwonjezera magazi. Anati mimba inakhala m'chubu. Panopa apongozi akuti ndi jakisoni wolera amene ndinkabayitsa, ena akunong'ona kuti ndinachita kuchotsa dala. Amuna anga angoti duu. Chinachitika n'chiyani kwenikweni, nanga ndidzaberekanso?

Mayi wodandaula, Ntcheu

YANKHO

Pepani achemwali. Mwataya mimba, ndipo mwapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Musamve za onong'onawo, palibe chomwe munalakwa.

Dzira la mayi limakumana ndi umuna m'chubu, kanjira kochokera kumene kumapangidwa mazira kupita ku chiberekero, kenako limayenda masiku angapo kukakhazikika m'chiberekero. Nthawi zina limaima panjira n'kuyamba kukulira pomwepo. Pa mimba 100 zilizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhala kunja kwa chiberekero chotere, ndipo pafupifupi zonsezo zimakhala m'chubu. Chiberekero chinalengedwa kuti chizitambasuka mpaka miyezi isanu ndi inayi. Chubu ayi: kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 10, ndipo mkati mwake ndi mopanikizika ngati mkati mwa udzu. Mimba ikamakula chimang'ambika, magazi n'kumathira m'mimba momwemo osaonekera kunja. N'chifukwa chake inu munkangoona timagazi pang'ono pansalu pamene mkati munali mutadzaza. Kukomoka kuja kunali kuchepa kwa magazi.

Mimba yotere singasamutsidwe. Palibe dokotala, kuno kapena kunja, amene angaichotse m'chubu n'kuiika m'chiberekero, ndipo palibenso mankhwala azitsamba oitsitsa. Amene akuti munachotsa dala muwauze kuti akanapanda kukuchitani opaleshoni tsiku lija, bwenzi ali pamaliro. Ngakhale malamulo a dziko lino amalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi.

Tsopano za apongozi. Jakisoni wolera saononga machubu, ndipo amene munabayitsa kale sangachititse mimba kukhala m'chubu. Pomwe pali kachoonadi pang'ono ndi pa lupu ndi kutseketsa: njira ziwirizi sizilephera kawirikawiri, koma zikalephera, chiopsezo choti mimbayo ikhale m'chubu chimakhala chachikulu. Inu sizikukukhudzani. Chimene chimaononga machubu kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe bwino, monga chinzonono ndi chlamydia. Awiriwa amasiya zipsera mkati mwa chubu, dzira n'kumakodwa. Chlamydia ndiye woipitsitsa chifukwa amatha kukhala m'thupi nthawi yaitali munthu osamva kanthu. Kusuta fodya, opaleshoni yakale ya pamachubu komanso kutenga mimba utapitirira zaka 35 kumawonjezeranso chiopsezo. Koma musathamangire kuloza chala amuna anu, chifukwa pafupifupi theka la amayi omwe zimawachitikira sapezeka ndi chifukwa chilichonse. Chanzeru n'kupita nonse awiri kuchipatala kuti akakuoneni, ndipo mankhwala akaperekedwa mumwe nonse. Chubu mwatsala nacho chimodzi, muchisamale.

Kubereka mungathe. Mazira anu akadali mbali zonse ziwiri, mupitiriza kusamba monga kale, ndipo chubu chotsalacho chimatha kutola dzira ngakhale lochokera mbali inayo. Amayi ambiri a chubu chimodzi chabwino amatenganso mimba popanda chithandizo chapadera. Ndawalandirira ana amayi otere, ena ali ndi chipsera chawo chakale pamimba. Paja ena amati chubu chakumanja ndi cha ana aamuna, chakumanzere cha aakazi. Ndi nkhambakamwa chabe. Kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi zimachokera ku umuna wa bambo.

Musafulumire komabe. Dikirani musambe kawiri kapena katatu, mukugwiritsa ntchito njira yolera, kuti bala lipole ndi magazi abwerere. Kwa masabata asanu ndi limodzi, mtondo, khasu ndi ndowa yamadzi zisiyireni ena. Imwani mapilitsi owonjezera magazi omwe anakupatsani mpaka athe, ngakhale amadetsa chimbudzi, ndipo musaiwale chiwindi, nyemba, usipa ndi bonongwe. Bala likatupa, likamatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndiye mundimvetsere, inu ndi amayi onse owerenga. Kwathu kuno mimba yaing'ono timaibisa. Timaopa maso a anthu, timadikira ioneke kaye, sikelo tiyamba miyezi inayi kapena isanu. Koma mimba ya m'chubu imachita ngozi pa nthawi yobisayo, kawirikawiri pakati pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndi yakhumi, mayi asanauze ngakhale mayi ake omubereka. Akafika kuchipatala amangoti "m'mimba mukundiwawa", ndipo akapanda kufunsidwa za kumwezi amabwerako ndi panado kapena mankhwala a malungo. Ine sindikuti muziulutsa pamsika. Ndikuti uzani munthu mmodzi wa m'nyumba, ndipo kwa adokotala nenani nokha musanafunsidwe: "Sindinasambe mwezi watha, ndiyezeni mkodzo."

Kwa inu achemwali izi n'zofunika kuposa ena, chifukwa mwa amayi khumi omwe zinawachitikirapo, mmodzi zimamuchitikiranso. Mukangodumphitsa kumwezi yezetsani, ndipo zikaonetsa kuti ndi mimba pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, buku lanu lakuchipatala lili m'manja, mukapemphe sikani mimba ili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Akaona kuti yakhala m'chiberekero, mtima pansi. Ikapezeka m'chubu chisanang'ambike, chithandizo chake n'chopepuka. Kumene kuli zipangizo zoyezera magazi pafupipafupi amatha kubaya mankhwala otchedwa methotrexate m'malo mwa opaleshoni, koma pa zipatala zathu zambiri njira yodalirika ndi opaleshoni yomweyo.

Zizindikiro zosagonera nazo ndi izi: kuwawa pachinena makamaka mbali imodzi, timagazi takuda kapena tamadzimadzi, chizungulire ukaimirira, kumva ngati ukufuna kuchimbudzi koma kukuwawa, ndi kuwawa pansonga ya phewa. Chomalizachi anthu amadabwa nacho. Magazi akathira m'mimba amakakhudza mnofu wopumira pansi pa nthiti, ululu n'kumamvekera paphewa. Mayi wotere asamupatse phala, tiyi kapena zitsamba chifukwa angafunike kulowa ku fiyeta. Mugonekeni, miyendo ikwezeke, pezani galimoto ngakhale usiku, ndipo achibale otha kupereka magazi atsagane naye.

Za amuna anu: abambo ambiri amakhala chete chifukwa cha mantha, osati mkwiyo. Anakuonani mutatsala pang'ono kutsikira kulichete, nawonso ataya mwana, ndipo mayi awo akuwadzaza m'makutu. Mupite nawo tsiku lokaonetsa bala, amve okha kuchokera kwa adokotala. Apongozi akamva kwa mwana wawo amvetsa msanga kusiyana n'kumva kwa inu. Ngati papita chaka mukuyesa koma mimba osabwera, mukapemphe kalata yokutumizani kwa madokotala a amayi ku Kamuzu Central kapena ku Queens kuti akaunike chubu chotsalacho.