Ana Alinafe kapena Alinafe Ana? Yankho kwa mayi wa ku Ulongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi itatu, mwana woyamba, ndipo kunyumba kwabuka kamkangano. Mwachidule akuti: "Bambo akunyumba akufuna kuti akakhala wamkazi akhale Ana, dzina la malemu mayi awo. Ine mtima wanga uli pa Alinafe. Akakhala wamwamuna iwo akuti Miguel, ine ndikuti Limbani. Tagwirizana zongomupatsa onse awiri, koma ndikawatchula pamodzi lilime likukana. Mfunda wawo ndi Mbewe. Kodi vuto ndi makutu anga?"

Achemwali, makutu anu alibe vuto. Lilime likukanadi, ndipo chifukwa chake chilipo.

Tiyambe ndi wamkaziyo. Tchulani mofulumira, ngati mukuitana mwana amene wasiya mphika pamoto: Ana Alinafe! Mwamva? "A" wakumapeto kwa Ana wamezana ndi "a" woyamba wa Alinafe, chatuluka ndi "Analinafe", dzina limodzi lalitali lomwe palibe anasankha. M'chinenero chathu mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndiye dzina lachiwiri likayambanso ndi lembo lomwelo, awiriwo amangomatana ngati nsima yogona. Chinanso, Ana kwa Apwitikizi ndi dzina chabe, lochokera m'Baibulo, koma kwa ife ndi mawu amoyo. Munthu wa ku Domwe akamva "Ana Alinafe" amva kuti ana ali nafe. Si zoipa ayi, koma inu posankha Alinafe mumatanthauza kuti Mulungu ali nafe, ndipo Mulunguyo wasowa m'chiganizocho, alowapo ana.

Tsopano tembenuzani. Alinafe Ana Mbewe. Bwerezani katatu mokweza. Ine nditayesa koyamba ndinaseka ndekha, chifukwa chomwe chinatuluka pakamwa panga ndi "Alinafe aNambewe". Mwana wamkazi wa kwa Mbewe akakula adzatchedwa Nambewe basi, monga wa kwa Phiri amakhala Naphiri, wa kwa Banda Nabanda. Ndiye dzina la agogo akelo, mukaliika pakati, likupatsa mwanayo ulemu wake wa pamtundu asanayambe n'komwe kukwawa. Mayina ake ndi omwewo, palibe wataya kanthu, mwangosintha woyenda patsogolo. Bambowo mukawafotokozere zimenezi madzulo atadya, osati akungofika kumene. Adandaula kuti mayi awo aikidwa pambuyo, koma auzeni atchule okha. Ndikukhulupirira kuti amva zomwe ndinamva ine.

Za wamwamuna n'zosavuta. Miguel pakamwa pa agogo a kumudzi sakhala Miguel, amakhala Migeli, monga José anasanduka Zuze m'chigwa chonse cha Zambezi. Ndiye Miguel Limbani atuluka "Migeli Limbani", li-li, ngati munthu wachibwibwi. Limbani Miguel Mbewe akuyenda bwino, alibe pophunthwa. Akaumirira kuti Miguel atsogole, m'malo mwa Limbani yesani Kondwani kapena Yamikani.

Koma pali chinthu china chomwe simunatchule m'kalata yanu, ndipo ndicho chimasokoneza ambiri. Kuno ku Mozambique malo apakati pa dzina nthawi zambiri amakhala ndi mwini wake kale: dzina la bambo. Taonani atsogoleri athu. Samora Moisés Machel, amene mlatho wakale wa pa Zambezi mumzinda wa Tete umatchedwa dzina lake, Moisés ndi la bambo ake. Joaquim Alberto Chissano, Filipe Jacinto Nyusi, Daniel Francisco Chapo, onsewa dzina lapakatilo ndi la bambo. Anzathu a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu sachita zimenezi kawirikawiri, koma ife tinazolowera. Ndiye funsanani msanga: kodi dzina la bambo a mwana lilowanso? Likalowa, mayina akhala anayi, ndipo kaphokoso kokoma ka "aNambewe" kaja katha, chifukwa pakati pa Ana ndi Mbewe paima munthu wina. Ine ndikanakhala inu ndikanawapempha bambowo kuti mwana wamkaziyo amusiyire mayi awo malowo. Dzina lawo adzaliika pa wamwamuna.

Nthawi zambiri ndikamayesa mayina ndimawerenga ndi zala mmene pakamwa pakutsegukira. A-li-na-fe kanayi, A-na kawiri, Mbe-we kawiri. Lalitali limodzi, aafupi awiri, mpweya ukukwana. Koma Chiyembekezo Felicidade Domingos Mbewe, mwana adzatopa kulemba pa mayeso anzake atayamba kale funso loyamba, ndipo pa BI, chitupa cha unzika chija, padzadzaza. Mayina aatali awiri asagundizane, limodzi lipumitse linzake. Lamulo lake ndi lomweli basi, zina zonse ndi makutu.

Pamene ndimaima nthawi yaitali ndi pa tanthauzo, chifukwa mayina athu ndi ziganizo. Tadala, Takondwa, Tiyamike, Thokozani, onsewa akulankhula kanthu kwa womva. Ukawaphatika ndi dzina la Chipwitikizi, uyenera kudziwa chomwe linzakelo likunena. Ndinakumanapo ndi kamtsikana kotchedwa Graça Chisomo. Likumveka bwino ndithu, koma ndi mawu amodzimodzi onenedwa kawiri, Graça ndiye chisomo chomwecho. Chimodzimodzi Esperança Chiyembekezo, kapena Felicidade Chimwemwe. Ena amakonda dala, akuti la kutchalitchi ndi la kumudzi zigwirizane, ndipo sindingawatsutse kwambiri. Kungoti kwa ine kumeneko n'kutaya malo. Muli ndi mipata iwiri yonenera kanthu pa mwana wanu, bwanji kunena chinthu chimodzi kawiri? Choipa kwenikweni ndi pamene awiriwo akukangana. Mavuto Felicidade. Tsoka Boaventura, pomwe Boaventura ndiye mwayi. Mwana amakula akusekedwa ndi aliyense wodziwa zinenero ziwirizi, ndipo ku Angonia, ku Tsangano, ku Macanga, odziwa ziwirizi ndi ambiri.

Ndatchula Mavuto, ndiye ndipatuke pang'ono. Amene tinabadwa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni tikudziwa kuchuluka kwa mayina otere pakati pathu. Makolo athu atathawira ku Malawi, komwe othawa kwawo ochokera kuno anapitirira miliyoni imodzi, ana ambiri anatchedwa Mavuto, Masautso, Ndaziona. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera, kunabadwa a Mtendere ndi a Chimwemwe. Ukamva dzina la munthu umatha kulota chaka chake. Sindinyoza makolo amenewo, ankalemba mbiri pa chomwe anali nacho. Koma dzina lodandaula kapena lolasa mnansi amalisenza ndi mwana, amene sanalakwe kanthu. Inu mwachita bwino, mayina anu onse anayi alibe mkwiyo.

Tsopano za ku Registo, ofesi yolembetsera ana obadwa, ndipo apa mundimvetsere chifukwa zinatigwera pabanja pathu. Mlongo wanga anatcha mwana wake Thokozani. Tsiku lolembetsa anatuma mlamu wanga, yemwe anangotchula dzinalo pakamwa. Kalaliki analemba mmene khutu lake la Chipwitikizi linamvera: Tocozane. Palibe anayang'ana sedula, kalata ya kubadwa ija, mpaka tsiku loyamba sukulu, aphunzitsi akuitana mayina, mwana ali duu, sakudziwa kuti akuitanidwa ndi iye. Kukonza kwake kunadya maulendo angapo a shapa, minibasi zathu zija, ndi ndalama zomwe zikanagula feteleza. Kalalikiyo sanachite dala. Chipwitikizi chilibe "th" wathu, "ph" wathu, ndipo "k" ndi "w" sichiwakonda. N'chifukwa chake Ulongwe pamapu ndi Ulónguè, Zobwe ndi Zóbuè, Kalomwe ndi Calómuè. Zomwe zinachitikira midzi yathu zimachitikiranso ana athu: Kondwani amatha kutuluka Conduane, Phiri n'kukhala Piri. Mayina oyamba ndi "chi" ndiye ali pamavuto awiri. Mukalemba Chikondi, mphunzitsi wochokera ku Maputo awerenga "Shikondi". Mukatsata kalembedwe ka Cinyanja ka m'mabuku a sukulu a kuno, kolemba Cikondi, iyeyo awerenga "Sikondi". Mwayi wanu ndi wakuti Alinafe ndi Limbani alibe misampha imeneyi, aliyense awawerenga bwino. Mbewe yekha ndiye mumuyang'anire, angasanduke Mbeue. Lembani mayina onse papepala ndi zilembo zazikulu, mupereke pepalalo m'manja, ndipo musachoke pawindo musanawerenge chomwe chalembedwa. Chomwe chalowa pa sedula ndicho chidzatsata mwanayo pa BI, pa satifiketi, mpaka pa pasipoti.

Mwina mukudabwa kuti sindinanene za akuluakulu. M'mabanja ambiri kwathu kuno mwana woyamba amatchulidwa ndi akuchimuna, ndipo dzina limadikira kuti mchombo ugwe, mayi atuluke m'chikuta. Ena mwa azakhali sakondwa kumva dzina la mwana amene sanabadwe likutchulidwa pabwalo. Ndiye zoyesayesa zanuzi muzichitira m'nyumba, inu awiri. Ndipo konzekani kuti tsikulo likadzafika, azakhali a bambowo akhoza kutulukira ndi dzina lawolawo, kambale ka mphatso kali m'manja. Musakangane nawo. Dzina la pamchombo likhoza kukhala la pakhomo osalowa pa sedula. Ngati ndinu Akatolika, monga ambiri a kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, ansembe sadzavuta ndi Ana kapena Miguel pa ubatizo, onsewo ndi mayina a oyera.

Mawa m'mawa mukapita kudimba kukaona mbatatesi, imani kumapeto kwa mzere, bambowo aime kumapeto enawo. Itanani ngati mwanayo wathawira kumtsinje: Alinafe Ana Mbewe! Kenako iwo ayese lawo lija, Ana Alinafe Mbewe, inu mumvetsere. Mudzandilembere kuti lomwe linafika lathunthu tsidya linalo ndi liti, komanso ngati wabwera ndi aNambewe kapena Limbani.