Nambala yobiriwira ya ku Suzhou siyikutsegulirani misewu ya Shanghai

Achimwene, mwati mumakhala ku Kunshan, ntchito mumagwira ku Shanghai, m'dziko la China, ndipo mukufuna kugula galimoto yamagetsi poganiza kuti nambala yobiriwira ija, yomwe amapereka kwa magalimoto amagetsi, imalowa paliponse. Musafulumire kulipira. Ku Shanghai apolisi sayamba ndi kuona mtundu wa nambala, amayamba ndi chilembo choyambirira, chomwe chimasonyeza chigawo kapena mzinda umene galimoto inalembetsedwa. Kunshan ili pansi pa Suzhou, m'chigawo cha Jiangsu, ndiye galimoto yanu ikhala yachilendo basi, kaya imamwa petulo kaya magetsi.

Kuyambira Novembala 2020, galimoto ya nambala yakwina siyiloledwa pa misewu ikuluikulu ya m'mwamba ija, monga Yan'an, Inner Ring ndi Middle Ring, kuchokera 7 koloko m'mawa mpaka 8 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Mu Meyi 2021 anawonjezera misewu yapansi ya mkati mwa Inner Ring (msewu wozungulira pakati pa mzinda), 7 mpaka 9 m'mawa ndi 5 mpaka 7 madzulo. Taonani nthawizo: ndi zomwezo zopitira ndi kuwerukira kuntchito. Wokuimitsani sangapezeke, koma kamera ijambula, uthenga wa chindapusa cha 200 yuan (ndalama ya ku China) ukupezani pafoni. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma mumayenda momasuka.

Ambiri amasokonezeka chifukwa amaganiza kuti lamuloli nkhani yake ndi utsi. Ayi, nkhani ndi kuthithikana kwa magalimoto, komanso ndalama. Nambala yabuluu ya Shanghai, yomwe ndi ya magalimoto wamba a petulo, imagulitsidwa pa okushoni mwezi ndi mwezi, ngati fodya ku Kanengo, mtengo wake cha m'ma 90,000 yuan, ndipo opikisana amachuluka kuposa nambalazo. Yobiriwira mzindawo umapereka ulere, koma kwa okhala momwemo amene zikalata zawo zakwana, ndipo kuyambira 2023 analeka kuipereka kwa magalimoto osakaniza petulo ndi magetsi. Tsono akanalola galimoto iliyonse yamagetsi ya mizinda yoyandikana, ndani akanavutikanso ndi okushoni? Aliyense akanakalembetsa kutsidya n'kumalowa m'mawa uliwonse. Ineyo sindiwada nazo kwenikweni, ngakhale zimapweteka anthu ngati inu amene munasamukira kunja kwa mzinda chifukwa lendi ya m'tauni yakwera.

Beijing ndiye yolimba kuposa apa. Galimoto yakwina imafunika chilolezo cholowera mkati mwa Sixth Ring, msewu wozungulira mzindawo, ndipo kuchokera Novembala 2019 chimaperekedwa maulendo 12 okha pachaka, ulendo uliwonse masiku 7.

Ndikanakhala inu, galimotoyo ndikanagula ndithu ngati ndi yoyendera ku Kunshan ndi kutengera ana kokacheza Loweruka, chifukwa kutchaja n'kotchipa kuyerekeza ndi petulo. Koma ya kuntchito iwalani. Sitima ya m'tauni ya Shanghai ya Line 11 imafika ku Huaqiao, komwe ndi Kunshan yomweyo; siyani galimoto kumeneko, kwerani sitima. Tsiku loti mukufunikadi kuyendetsa m'tauni, lembani nambala yanu mu Amap, pulogalamu ya mapu ya pafoni, imakusankhirani njira yopewa misewu yoletsedwa, ngakhale imakuzungulitsani mpaka kutopa.

Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti yobiriwira ilibe malire, mufunseni kuti yobiriwira ya mzinda uti.