Ubuntu yangoti zii, sawundi palibe

Funso: Achimwene, ndaika Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, pa laputopu yanga pambali pa Windows, zonse zikuyenda bwino koma sawundi palibe olo pang'ono. Volyumu ili pa 100, vidiyo ikuyenda koma zii. Ndikalowa ku Windows masipika akulira bwinobwino. Ndinapeza ma command pa intaneti ochotsa PulseAudio, pulogalamu yoyendetsa sawundi, nkuikanso koma palibe chasintha. Kodi sound card yapsa?

Yankho: Siinapse achimwene, ikanapsa ndiye kuti ku Windows nakonso kukanakhala zii. Vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri ndipo nthawi zambiri ndi kachanelo kamodzi kamene kali pa mute pansi penipeni, kumene volyumu ya pamwamba pa sikilini ija siifikako.

Tsegulani Terminal mulembe alsamixer. Anthu ambiri amathera pomwepa, akaona mzere umodzi wa Master uli mmwamba amati zonse zili bwino nkutseka. Ayi, zimenezo mukuona ndi za PipeWire, pulogalamu imene imayendetsa sawundi mu Ubuntu, si khadi yeniyeni. Dinani F6 musankhe khadi ya makina anu, dzina lake limakhala ngati HDA Intel PCH kapena sof-hda-dsp, mukatero mizere ituluka yambiri, Master, Headphone, Speaker, PCM ndi ina. Yendani ndi batani la muvi wakumanja mpaka kumapeto chifukwa ina imabisala kunja kwa sikilini, ndipo maso anu asakhale pa kutalika kwa mzere, akhale pa kabokosi kapansi pake. Mukaona MM ndiye kuti chanelo chimenecho nchotseka olo mzere utakwera mpaka kudenga. Imani pamenepo mudine M, pasinthe pakhale 00, kenako mukweze ndi muvi wammwamba. Kawirikawiri wolakwa amakhala Speaker, osati Master.

Musatuluke kaye. Chakumanja kuli china cholembedwa Auto-Mute Mode, ichi ndiye ndimachiyang'ana pa makina alionse asanandiuze nkomwe nkhani yonse. Ntchito yake ndi kuzimitsa masipika mukalowetsa ma earphone, zomwe nzabwino, koma kabowo ka earphone kakalowa fumbi kapena kakapindika mkati, laputopu imaganiza kuti ma earphone alimo nthawi zonse nkumangotseka masipika. Ndipo chimene chimawononga timabowo timeneti ndi tima earphone totchipa tokhala ndi pulagi yosakwanira bwino, munthu nkumachita kukankha ndi mphamvu kapena kupotokola kuti kamveke mbali zonse, mapeto ake kachitsulo kamkati kamatsala kokanirira. Ikani pa Disabled pogwiritsa ntchito muvi wammwamba kapena wapansi, dinani Esc, kenako mulembe sudo alsactl store kuti zisabwerere mukazimitsa makina. Poyesa musathamangire YouTube, lembani speaker-test -c 2 -t wav, mumva mawu akuti Front Left, Front Right, mukamva dinani Ctrl ndi C kuti isiye.

Tsopano za ma command munakopera aja, apa ndiye zimandiwawa. Ubuntu inasiya PulseAudio kuyambira pa 22.10, pano imayendera PipeWire, ndiye malangizo munatsatirawo ndi a Ubuntu yakale ndipo mwina mwaonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Chonde musamapasite chilichonse choyamba ndi sudo musanaone kuti analembera version iti. Lembani pactl info, pa mzere wa Server Name payenera kuoneka mawu akuti on PipeWire. Ngati palibe, lembani sudo apt install pipewire-audio, muyatsenso makina.

Zina zotsalazi nzachangu. Ngati mu Settings pa Sound pakulembedwa Dummy Output ndipo aplay -l ikuti palibe khadi, ndiye kuti pakusowa firmware, kapulogalamu kamene khadi imafuna kuti igwire ntchito, makamaka pa malaputopu a Intel atsopanowa, ikani firmware-sof-signed. Ngati mwalumikiza TV kapena monitor pa HDMI onani kuti sawundi sikupita kumeneko, ma monitor ambiri alibe nkomwe sipika. Ndipo poti muli ndi Windows pambali, pitani ku Control Panel pa Power Options mukachotse Fast Startup, chifukwa ikakhala yoyatsa Windows siizima yonse, nthawi zina imasiya khadi ili pakati ndi pakati Linux nkulephera kuidzutsa.

Funso: Ine vuto langa ndi lina. Pa Linux Mint mahedifoni a Bluetooth amamveka bwino pa nyimbo, koma ndikangolowa mu call mawu amasanduka ngati a wailesi yakale. Ndagula ka USB sound card kakang'ono koma nakonso kakungolira nziii.

Yankho: Mahedifoni anuwo ngabwinobwino. Bluetooth ili ndi njira ziwiri, A2DP ya nyimbo yomveka bwino koma yopanda maiki, ndi HFP ya kuyimbirana yomwe imatsegula maiki koma mawu nkuchepa mphamvu, ndiye pulogalamu ikangopempha maiki makina amasamukira ku HFP okha. Ikani pavucontrol, pulogalamu yosinthira za sawundi, pa Configuration musankhe A2DP, kenako pa Input Devices muike maiki ya laputopu kuti ndiyo izigwira ntchito. Mukatero mumamvera ku mahedifoni koma mukuyankhulira pa laputopu, mawu sakutsikanso.

Za ka USB ako, kachotseni. Timakhadi totchipa timeneti mkati mulibe chotchinga phokoso la magetsi, ndiye mluzu mukuumvawo mwina ukuchokera ku chaja, Linux sikulakwa kanthu. Yesani nokha, zulani chaja laputopu iyendere batire, mukaona phokoso latha mwapeza gwero lake, ndipo palibe command imene ingakonze zimenezo. Ngati phokoso likupitirira olo chaja mutazula, kasinthireni pa port ina, makamaka osati pa USB hub, koma ine sindingakulimbikitseni kutayirapo nthawi yambiri pomwe maiki ya laputopu ndi mahedifoni muli nawo kale akukwanira pa ntchito ya call.